Malo oulutsira maroketi ku Malindi: mayina ake, eni ake ndi mbiri yake

Luigi Broglio Space Center ndi malo a kafukufuku wa zamlengalenga omwe ali ku Ngomeni, pafupifupi makilomita 30 kumpoto kwa tawuni ya Malindi m'dziko la Kenya. Malindi ameneyu si wa ku Mangochi, koma wa m'mphepete mwa nyanja yamchere ya India. Pakati pa 1967 ndi 1988, masetilaiti 9 adaulutsidwa kuchokera pamalowa ndipo onse adafika bwinobwino m'njira zawo. Nthaka ndi ya Kenya, koma amene akhala akuyendetsa malowa kuyambira pachiyambi ndi dziko la Italy.

Chifukwa chosankhira gombe la Kenya

Dziko lapansi limazungulira cholowera kummawa, ndipo liwiro la kuzungulirako limakula munthu akamayandikira mzere wa ikweta. Pa ikweta penipeni nthaka imayenda pafupifupi makilomita 1,670 pa ola. Ku Tengani m'boma la Nsanje, komwe kuli madigiri pafupifupi 17 kummwera kwa mzerewu, liwiroli ndi makilomita pafupifupi 1,600, pomwe ku Rome ndi 1,240 basi. Roketi yonyamuka cholowera kummawa imatengera liwiro limeneli kwaulere, choncho imasenza katundu wochulukirapo ndi mafuta omwewo. Ngomeni ili pa madigiri osakwana 3 kummwera kwa ikweta. Kuonjezera apo, kummawa kwake kuli nyanja yokhayokha, kotero zigawo za roketi zomwe zatha ntchito zimagwera m'madzi, osati pamidzi ya anthu.

Mayina a malowa

Poyamba malowa ankadziwika ndi dzina loti San Marco, lomwe lidalinso dzina la ntchito yonse ya masetilaiti a Italy. San Marco ndi Mariko Woyera, nkhoswe ya mzinda wa Venice. Maroketi sankanyamukira pamtunda, koma pa nsanja yachitsulo yoimikidwa m'nyanja, miyendo yake itaponda pansi pamadzi. Nsanjayo ndiyo inkatchedwa San Marco. Chapafupi padali nsanja ina yomwe akatswiri ankakhalapo poongolera ntchito. Iyi idachokera ku kampani ya mafuta ya ENI ndipo idatchedwa Santa Rita, dzina la woyera yemwe Akatolika amamupempha pa zinthu zooneka ngati zosatheka.

Dzina la lero ndi lokumbukira Luigi Broglio, injiniya komanso mkulu wa asilikali apamlengalenga a ku Italy, yemwe adayambitsa ndi kutsogolera ntchitoyi. Iye adabadwa mu 1911 ku Mestre, pafupi ndi Venice, ndipo adamwalira mu 2001. Malowa adapatsidwa dzina lake iye atatisiya.

Zaka za maroketi

Mu 1962 Italy idagwirizana ndi bungwe la NASA la ku America kuti Aamerika azipereka maroketi a mtundu wa Scout ndi kuphunzitsa akatswiri, pomwe Italy izipanga masetilaiti ndi kumanga malo oulutsira. Setilaiti yoyamba, San Marco 1, idanyamukira ku Wallops Island ku America pa 15 Disembala 1964. Yachiwiri, San Marco 2, ndiyo idatsegulira nsanja ya ku Kenya pa 26 Epulo 1967.

Tsiku lotchuka kwambiri m'mbiri ya malowa ndi 12 Disembala 1970, pomwe Kenya inkakondwerera zaka 7 za ufulu wodzilamulira. Patsikulo padanyamuka setilaiti ya NASA yomwe idapatsidwa dzina la Chiswahili loti Uhuru, kutanthauza ufulu. Iyi idali setilaiti yoyamba yopangidwira ntchito yofufuza cheza cha X-ray chochokera ku nyenyezi, ndipo idapeza magwero 339 a chezachi. Riccardo Giacconi, yemwe adatsogolera kafukufukuyu, adalandira mphoto ya Nobel mu 2002.

Mwa masetilaiti 9 aja, 4 adali a Italy, 4 a America, ndipo imodzi, Ariel 5 ya mu 1974, idali ya Britain. Yomaliza idauluka pa 25 Malichi 1988. Maroketi a Scout adaleka kugwiritsidwa ntchito mu 1994, ndipo palibe setilaiti inanso yomwe yanyamukira pansanjazo.

Kayendetsedwe kake

Kwa zaka pafupifupi 40 malowa adali m'manja mwa nthambi ya kafukufuku ya sukulu yaukachenjede ya La Sapienza ya ku Rome, mothandizana ndi asilikali apamlengalenga a Italy. Kuyambira mu 2004 udindowu udapita ku bungwe la boma loona zamlengalenga la Agenzia Spaziale Italiana, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1988.

Italy imakhala pamalowa potsatira mapangano ndi boma la Kenya. Pangano la mu 1995 lidali la zaka 15. Latsopano lidasainidwa mumzinda wa Trento mu Okutobala 2016, koma Nyumba ya Malamulo ya Kenya idalivomereza mu 2020. Kwa nthawi yaitali aphungu ndi anthu ena ku Kenya ankafunsa chomwe dziko lawo likupindula, poona kuti zipangizo, luso ndi utsogoleri zidali za alendo. Mu 2017 boma lidakhazikitsa bungwe lake la Kenya Space Agency pansi pa unduna wa zachitetezo, ndipo ndilo limaimira Kenya pa nkhani za malowa.

Ntchito ya lero

Ngakhale maroketi adaleka kunyamuka, gawo la pamtunda likugwirabe ntchito. Madishi ake akuluakulu amalandira uthenga wochokera ku masetilaiti a mayiko osiyanasiyana komanso amalondola maroketi onyamukira ku Kourou ku French Guiana. Pa 25 Disembala 2021, makina oonera nyenyezi a James Webb atangonyamuka, siteshoni ya ku Malindi ndiyo idalandira uthenga wawo woyamba.

Kenya nayo idayamba kupanga masetilaiti ake. Kasetilaiti ka 1KUNS-PF, komwe University of Nairobi idapanga mothandizana ndi La Sapienza, kadatulutsidwa kuchokera pa International Space Station mu Meyi 2018. Taifa-1, yojambula zithunzi za nthaka, idauluka mu Epulo 2023 kuchokera ku California pa roketi ya kampani ya SpaceX. Zithunzi za mtundu umenewu ndi zomwe akatswiri amagwiritsa ntchito poyeza kukula kwa madzi osefukira, monga omwe adasakaza chigwa cha Shire panthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Masetilaiti onse awiri a Kenya adanyamukira kunja kwa Africa, nsanja za ku Ngomeni zili chiimire m'nyanja.