Mboni ya Pakhoma

Mlonda wa pa ofesi pathu adaimitsidwa ntchito Lachiwiri lina m'mawa chifukwa m'sitolo mudasowa makompyuta awiri am'manja ndi batire ya galimoto. Loko sadathyole, ndipo mazenera adali otseka bwinobwino. Madalawo, amene adayamba kulondera malowo ine ndisanalembedwe ntchito m'boma, adangovula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, kaoneni pa kanema paja. Kanemayo andichitira umboni."

Tidapitadi kukaona. M'chipinda cholandirira alendo mudali kanema woonetsa zithunzi zinayi nthawi imodzi, ndipo pansi pake padali bokosi lakuda lomwe tonse tinkakhulupirira kuti limasunga chilichonse chochitika pabwalo. Katswiri atalitsekula adapeza kuti disiki yake idafa miyezi yambiri m'mbuyomo. Makamera ankaona ndithu, ifenso podutsa tinkadziona tikuyenda pa kanemapo, koma padalibe chimene chinkasungidwa.

Bwana wamkulu adalamula kuti tigule makamera atsopano, ndipo poti ndine mlembi wa komiti yogula katundu, makoteshoni atatu adagwera pa desiki panga. Mudali mawu amene sindidawamvepo chibadwire: DVR, NVR, PoE, ONVIF. Ine kusukulu ndinkakonda phunziro la mbiri, za magetsi zinkandipita pambali. Choncho ndidachita zomwe ndimadziwa: ndidayamba kufufuza kumene chida chimenechi chidachokera, poganiza kuti ndikadziwa makolo ake ndidziwanso khalidwe lake.

Olemba mbiri ambiri amayambira nkhaniyi ku Germany m'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Ku Peenemünde asilikali ankayesa mizinga ya V-2, ndipo kuima pafupi ndi mzinga pounyamutsa kudali kudziitanira imfa. Kampani ya Siemens, ndi injiniya wina dzina lake Walter Bruch, idaika kamera pafupi ndi mzingawo n'kuilumikiza ndi waya ku kanema amene adali m'chipinda chotetezeka. Chithunzicho sichinkaulutsidwa kwa anthu onse monga ichitira nyumba ya kanema. Chinkangoyenda m'waya kuchoka pa kamera kufika kwa oonerera ochepa okha. Dzina loti CCTV limanena za njira yotsekeka imeneyi.

Munthu amene adandikhudza mtima kwambiri m'mbiri yonseyi ndi mayi wina wachikuda, Marie Van Brittan Brown, namwino wa ku Queens mumzinda wa New York. Iye ankagwira ntchito nthawi zosadziwika bwino, mwamuna wake Albert chimodzimodzi, kotero kuti kawirikawiri ankakhala yekha m'nyumba usiku, m'dera limene apolisi ankachedwa kufika akaitanidwa. M'chaka cha 1966 awiriwa adakalembetsa ku boma njira yawo: mabowo angapo pachitseko, kamera yokwera ndi kutsika kuti isuzumire pa bowo lililonse, kanema m'chipinda chogona, maikolofoni yolankhulirana ndi munthu wogogodayo, ndi batani loitanira thandizo. Chiphaso chawo chidatuluka mu 1969. Ndikamuganizira mayiyu ndimakumbukira amayi anga ku Area 25 akufunsa kuti "Ndani?" katatu asanachotse mpiringidzo.

Makamera oyambirirawa adali ndi vuto lofanana ndendende ndi la pa ofesi pathu. Ankaona, koma osasunga. Pankafunika munthu wokhala pa mpando maso ali tong'o pa kanema usana ndi usiku, ndipo akangosinza, zochitikazo zapita. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1970 pomwe matepi a vidiyo adayamba kupezeka pa mtengo wofikirika. Amisiri adapeza njira yoyendetsa tepi pang'onopang'ono, kuti tepi ya maola 3 ijambule maola 24, ngakhale kuti anthu ankaoneka ngati akudumphadumpha. Komabe tepi inkafuna munthu woisintha tsiku ndi tsiku, woilemba deti, woiika m'kabati. Anthu otopa ankangobwezera tepi yomweyo mpaka idasuluka, ndipo tsiku la mlandu wakuba ankaoneka ngati mthunzi m'chifunga.

Dziko limene lidakumbatira makamera ndi manja awiri ndi Britain, ndipo chidachititsa kwambiri ndi imfa ya mwana. Mu February 1993 James Bulger, wa zaka 2, adatengedwa pamalo ogulitsira malonda ku Bootle, pafupi ndi Liverpool, ndi anyamata awiri a zaka 10 amene pambuyo pake adamupha. Kamera ya pamalowo idajambula mwanayo akutuluka atagwiridwa dzanja. Chithunzicho chidali chosaoneka bwino, koma chidaonetsedwa m'nyumba iliyonse, ndipo m'zaka zotsatira boma la dzikolo lidathira gawo lalikulu kwambiri la ndalama zopewera umbanda pa makamera a m'mizinda. Chomwe anthu ambiri sadafune kuchilingalira nthawi imeneyo n'chakuti kamerayo siidamupulumutse mwana uja. Idangothandiza kudziwa zomwe zidachitika. Mu 2008 mkulu wina wa apolisi ku London, Mick Neville, adavomereza poyera kuti pa milandu 100 iliyonse yolanda anthu katundu mumsewu, itatu yokha ndiyo inkatheka mothandizidwa ndi makamera, ndipo chifukwa chimodzi chidali chakuti padalibe anthu okwanira oti akhale pansi n'kuonera zithunzizo. Nditawerenga zimenezi ndidaleka kuganiza kuti tikugula mlonda. Tinkagula mboni, ndipo mboni imafuna woifunsa.

Tsono kamera idalowa bwanji pa netiweki ya makompyuta? Apa mbiri imaseketsa pang'ono. Mu 1991 akatswiri a makompyuta pa yunivesite ya Cambridge adatopa ndi kuyenda mtunda kupita kuchipinda chomwe munkakhala khofi n'kukapeza mphika uli gwa, wopanda kanthu. Adalozetsa kamera pa mphikawo n'kutumiza chithunzi chake ku makompyuta a m'nyumba yonseyo. Mu 1993 chithunzicho chidaikidwa pa intaneti, ndipo anthu a m'maiko akutali ankaonera mphika wa khofi wa eni ake mpaka pomwe adauzimitsa mu 2001. Ulesi wa ophunzira, nthawi zina, umabala zinthu zazikulu.

Kamera yoyamba yogulitsidwa yolumikizika payokha ku netiweki idatuluka mu 1996. Idapangidwa ndi kampani ya Axis Communications ya ku Lund, m'dziko la Sweden, ndipo ankaitcha Neteye 200. Inkatenga masekondi 17 kuti itumize chithunzi chimodzi chachikulu. Wakuba wathanzi akadatha kulowa, kunyamula batire n'kutuluka, kamera isanaphethire. Koma maganizo ake ndiwo adali atsopano. Kamera yakale idali diso chabe, lotumiza zomwe laona ku bokosi kudzera pa waya wake wokha. Kamera yatsopanoyi idali kakompyuta, kokhala ndi adiresi yakeyake, kotha kulankhula ndi kompyuta ina iliyonse. Apa m'pamene pasiyanirana mawu awiri aja a m'makoteshoni. DVR ndi bokosi lolandira zithunzi kuchokera ku makamera akale n'kuzisandutsa lokha kuti zikhale pa disiki. NVR imalandira zithunzi zomwe kamera yakonza kale, ndipo ntchito yake ndi kusunga ndi kuonetsa. Ntchito yomweyo ingathenso kugwiridwa ndi kompyuta wamba yokhala ndi pulogalamu yojambulira. Ena amagula pulogalamu monga ya kampani ya Milestone ya ku Denmark, yomwe idayamba mu 1998, n'kumalipira chiphaso cha kamera iliyonse. Ena amatenga yaulere monga ZoneMinder, imene siifuna ndalama koma imafuna munthu woidziwa. Pa ofesi pathu munthu wotero ndi mmodzi, ndipo tsiku lililonse akhoza kusamutsidwa.

Chaka cha 2003 chidabweretsa zinthu ziwiri zomwe zidatsitsa mtengo wa ntchito yonseyi. Choyamba ndi njira yofinyira vidiyo yotchedwa H.264, kuti zithunzi zambiri zikwane pa malo ochepa. Chachiwiri ndi PoE, njira yotumizira magetsi ndi zithunzi m'waya mmodzi wa netiweki, wotalika mpaka mamita 100. Kwa ife chachiwirichi n'chofunika kuposa momwe wogulitsa amanenera. Makamera onse akamadya magetsi kuchokera pa bokosi limodzi, batire imodzi yoikidwa pa bokosilo imawasunga onse amoyo magetsi akazima, ndipo mbala za kwathu kuno zimaidziwa bwino nthawi imeneyo.

Padali vuto lina. Kampani iliyonse inkapanga makamera olankhula chinenero chakechake, moti ukagula bokosi la uyu, unkamangika kwa iyeyo moyo wako wonse. Mu 2008 makampani a Axis, Bosch ndi Sony adagwirizana zoyambitsa ONVIF, chinenero chimodzi choti makamera ndi mapulogalamu a makampani osiyana azimvana. Imodzi mwa makoteshoni athu idalibe mawu amenewa paliponse. Idali yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo anzanga awiri m'komiti adaikonda pa chifukwa chimenecho. Ndidawafunsa kuti kamera imodzi ikadzapsa ndi mphenzi mu January, wogulitsayo atatseka shopu, tidzagula kuti inzake.

Pambuyo pake msika udasamukira ku China. Makampani a Hikvision ndi Dahua, onse a mumzinda wa Hangzhou, adayamba mu 2001, ndipo m'zaka zochepa makamera awo adafika m'magolosale, m'matchalitchi ndi m'nyumba za anthu pa dziko lonse, kuno kwathu komwe. Kamera idasanduka chinthu chogula ngati wailesi. Ndipo poti kamera iliyonse tsopano idali kakompyuta kokhala pa intaneti, mwini wake akamaiona ali kutali, mlendonso ankatha kuiona ali kutali.

Zimenezi zidaonekera poyera mu 2016. Anyamata atatu a ku America adalemba pulogalamu yotchedwa Mirai, yomwe inkayendayenda pa intaneti kugogoda pa makamera ndi mabokosi ojambulira, n'kumayesa mawu achinsinsi pafupifupi 60 amene zidazo zimabwera nawo kuchokera ku fakitale, monga "admin" ndi "12345". Zida zikwi mazanamazana zidatsekuka, popeza eni ake sadasinthe mawuwo. Pa 21 October chaka chimenecho gulu la zida zogwidwazi lidatumidwa kukapanikiza kampani ya Dyn, ndipo Twitter, Netflix ndi ena ambiri adasowa kwa maola angapo. Masabata ochepa pambuyo pake mtundu wina wa Mirai udagwiritsidwa ntchito polimbana ndi kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo intaneti ya anthu ochuluka m'dzikomo idasokonekera. Munthu wa ku Britain amene adachita izi, Daniel Kaye, adagamulidwa kukhala kundende mu 2019. Maboma nawo adayamba kukayika. Mu 2018 America idakhazikitsa lamulo loletsa maofesi a boma lake kugula makamera a Hikvision ndi Dahua, ndipo mu 2022 Britain idaletsa kuika makamera otere pa malo achinsinsi a boma. Makampaniwo amakana kuti zida zawo n'zoopsa. Ine mlandu wa njovu ziwirizi sindingauweruze. Chomwe ndidatolapo n'chakuti makamera athu asalumikizidwe ku intaneti mwachisawawa, akhale pa netiweki yawoyawo, ndipo mawu achinsinsi a ku fakitale asinthidwe woikayo asanatsike pa makwerero.

Tidakhala pansi n'kuwerengera. Kamera yotumiza mamegabiti 2 pa sekondi imadya pafupifupi magigabaiti 22 pa tsiku. Makamera 8 kwa masiku 30 afuna materabaiti oposa 5. Koteshoni yotsika mtengo ija idali ndi disiki ya terabaiti imodzi, kutanthauza kuti sabata isanathe zithunzi zatsopano zikadafufuta zakale. Pa ofesi ya boma, pomwe katundu wa m'sitolo amawerengedwa kamodzi pa mwezi, disiki yotero ndi mboni yomwalira mlandu usanalowe m'bwalo. Tidasankha koteshoni yapakati, ya makamera a PoE omva ONVIF ndi NVR yokhala ndi madisiki awiri, ndipo ndidalembetsa m'maminitsi kuti Lolemba lililonse munthu wina azibweza kanema wa dzulo lake n'kusaina m'buku kuti waona.

Mkangano waukulu sudali pa mtengo. Udabuka pa funso loti mawu achinsinsi asunge ndani, ndipo zithunzi aziona ndani. Amayi ena a mu akaunti adafunsa ngati bwana azitha kuona pa foni yake nthawi yomwe iwo afika ndi yomwe aweruka, ndipo funso lawo lidali lomveka. Kuyambira mu 2024 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, lomwe bungwe la MACRA lidapatsidwa udindo woliyang'anira, ndipo nkhope ya munthu pa kanema ndi uthenga wotero. Tidagwirizana kuti pageti pakhale chikwangwani chodziwitsa anthu kuti akujambulidwa, kuti zithunzi zizifufutika pakatha masiku 30, ndiponso kuti kutsitsa kanema kuzifuna anthu awiri. Za pa foni ya bwana tidakana, ngakhale ndidatuluka thukuta pokawauza.

Madala aja adabwezedwa pa ntchito patatha miyezi iwiri, popeza padalibe umboni wowagwira, monganso padalibe wowayeretsa. Tsiku loika makamera ndidawapeza ataima pansi pa makwerero, chibonga m'khwapa, akuyang'ana mnyamata woboola khoma. Mapulani athu adali oti makamera ambiri aloze ku mpanda ndi kugeti, kumene tinkati mbala zimadzera usiku.

"Madala, mwaona? Tsopano muli ndi anzanu osagona," ndidatero.

Adayang'ana kamera ya pageti, kenako adayang'ana khonde lopita kusitolo, lomwe makiyi ake amakhala m'matumba a ife ovala mataye.

"Zikomo, bwana," adayankha. "Koma imodzi iloze pachitseko chija. Ndipo masana isamazimitsidwe."

Ndidabwerera ku desiki kukasintha mapulani.