Zofunika Kudziwa Musananyamuke Ulendo wa Pansi M'mapiri ndi M'thengo

Anthu oyenda ulendo wa pansi m'mapiri ndi m'thengo, kaya ndi ana a sukulu, magulu okapemphera kuphiri kapena alendo okaona malo, amakhala kutali ndi msewu, cipatala ndiponso apolisi. Ngozi ikawagwera kumeneko, thandizo limatenga maola ambiri kuti lifike, ndipo nthawi zina limatenga masiku. Pa cifukwa cimeneci, moyo wa munthu umadalira kwambiri zimene anakonzeratu asanacoke panyumba: anthu amene anawauza za ulendowo, amene anapita nawo, ndi ola limene anapangana kuti adzabwerera.

Malo oyendako ndi nyengo yake

Muno m'Zambia, malo okwera kwambiri ali m'mapiri a Mafinga, m'cigawo ca Muchinga, kumalire ndi dziko la Malawi. Nsonga yake ndi yotalika mamita 2,339, ndipo mtsinje wa Luangwa umayambira m'mapiri omwewa. Cakum'mwera kwake kuli mapiri a Nyika, kumene kumagwa cisanu m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Kucigwa ca Luangwa vuto ndi kutentha. M'mwezi wa Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40. Kumeneku n'kumene a Norman Carr anayambitsa maulendo oona nyama moyenda pansi m'zaka za m'ma 1950.

Ku Malawi kuli phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2025.

Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse. Conco amene wakwera mamita 2,000 amapeza kuti pamwamba pakuzizira ndi madigiri 13 kuposa patsinde pamene anayambira, ndipo mphepo ndi mvula zimaonjezera kuzizirako.

Zimene zinacitika ku Sapitwa

Mu Julayi 2009, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, Gabriel Buchmann, anasiya womulondolera njira n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa. Nyengo inasintha ndipo sanabwerere. Mtembo wake unapezeka kuciyambi kwa Ogasiti, patapita milungu yoposa iwiri, ndipo zinadziwika kuti anamwalira ndi kuzizira. Nkhani yake inaonetsedwa mu filimu ya Gabriel and the Mountain mu 2017.

Mu 2003, mtsikana wina wa ku Netherlands anakweranso phirili ali yekha, ndipo anthu amene anapita kukamufunafuna sanamupeze.

Pa phiri la Mulanje pamabwera ciperoni, ndiko kuti nkhungu yozizira yosakanikirana ndi mvula yowaza, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Dzinali linacokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepo yake imadzera. Nkhungu ikatsika, munthu saona ngakhale mwala uli patsogolo pake, ndipo njira imene anadzera imasowa.

Siyani uthenga kunyumba

Musananyamuke, lembani papepala maina a onse a paulendo, njira imene mudzadzera, malo ogona, tsiku ndi ola lobwerera, ndiponso manambala a lamya. Lembaninso matenda amene wina ali nawo, monga shuga, mphumu kapena khunyu. Pepalali lisiyidwe kwa munthu wodalirika, ndipo mupangane naye ola limene ayenera kukanena kwa apolisi ngati simunafike.

Mukafika patsinde pa phiri, kaonekereni ku ofesi ya zankhalango kapena ya zanyama, ndiponso kwa nyakwawa ya mudzi wapafupi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Anthu a m'deralo ndiwo adziwa mtsinje umene wadzaza, njira imene yagumuka ndi kumene njovu zaonedwa.

Tengani wolondolera njira wodziwa malowo, ndipo musasiyane naye mpaka ulendo utatha. M'malo osungira nyama monga South Luangwa, oyenda pansi amaperekezedwa ndi msilikali wa zanyama wonyamula mfuti, wa nthambi ya Department of National Parks and Wildlife imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Kulowa m'malo otere popanda cilolezo ndi mlandu.

Gulu labwino ndi la anthu osacepera anayi. Mmodzi akavulala, wina amatsala naye pamene awiri apita kukaitana thandizo.

Kuwerengera nthawi

Oyenda m'mapiri amagwiritsa nchito ciwerengero cimene William Naismith wa ku Scotland anakonza mu 1892. Ciwerengeroci cimapereka ola limodzi pa makilomita 5 alionse, n'kuonjezera ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Mwacitsanzo, ulendo wa makilomita 10 wokwera mamita 1,200 umafuna maola 4, osawerengera nthawi yopuma. Okhala ndi ana kapena katundu wolemera aonjezere nthawi.

Kuno kwathu dzuwa limalowa ca m'ma 18 koloko ndipo mdima sucedwa kugwa. Nyamukani m'mamawa, ndipo pangananitu ola lotembenuka. Ola limeneli likakwana, bwererani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Liwiro la gulu liyenderane ndi munthu woyenda pang'onopang'ono pa onse.

Katundu wofunika

Aliyense anyamule madzi osacepera malita awiri, cakudya ca tsiku lina lapadera monga nshawa, mbatata zophika ndi shuga, juzi, cipewa, covala coteteza mvula, bulangeti ndi nsapato zolimba zimene anazizolowera kale. Anyamulenso toci ndi mabatire ena, wezulo, mpeni ndi macisa okulungidwa m'pulasitiki.

Gulu likhale ndi mapu, kampasi, mabandeji, mankhwala opha ululu ndi mankhwala otsukira zilonda. Lamya ya m'manja ndi yothandiza, koma m'zigwa zambiri mulibe netiweki. Izimitseni kuti batire isathe, ndipo muiyatse mukafika pamalo okwera. Uthenga wolemba umatha kupita ngakhale pamene kuimba kwalephera.

Madzi a mumtsinje awiritsidwe kwa mphindi imodzi atayamba kubwata, kapena mphindi zitatu ngati muli pamwamba kupitirira mamita 2,000. Mukathira klorini, dikirani mphindi 30 musanamwe.

Ngozi zodziwika ndi cithandizo coyamba

Kuzizira: Thupi la munthu limatentha madigiri 37, ndipo likatsika pansi pa 35 moyo uli pangozi. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, kupunthwapunthwa, kulankhula mosamveka ndi kusokonezeka mutu. Mvuleni zovala zonyowa, muyalireni udzu kapena zikwama kuti asagone padothi, mfunditseni mpaka kumutu, ndipo ngati akutha kumeza mpatseni cakumwa cofunda ca shuga. Musampatse mowa, cifukwa umacititsa thupi kutaya kutentha msanga.

Kutentha: Munthu akayamba cizungulire, mutu ndi kufooka, mkhazikeni pamthunzi ndi kumuwaza madzi. Sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono. Akasokonezeka mutu kapena kukomoka, mziziritseni ndi madzi ambiri ndi kuthamangira naye kucipatala.

Mphezi: Werengani masekondi kucokera pamene mwaona kung'anima kufikira pamene mwamva bingu. Masekondi atatu ndi mtunda wa kilomita imodzi. Tsikani pansonga, talikirani mtengo woima wokha, ndipo musaunjikane pamodzi. Dikirani mphindi 30 kucokera pa bingu lomaliza musanapitirize.

Mitsinje: Mitsinje ya m'mapiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwera kutali, ndipo imaphweranso pakapita maola. Musaoloke madzi othamanga opitirira m'maondo, ndipo musagone m'khwawa louma m'nyengo ya dzinja. Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, nthaka ya m'mapiri imagumuka, monga zinacitikira ku Phalombe mu 1991 ndiponso ku Mulanje ndi Phalombe pa namondwe wa Freddy mu Malici 2023. M'mitsinje ya kucigwa muli ng'ona ndi mvuu.

Njoka: Malangizo a bungwe la World Health Organization ndi akuti wolumidwa asayendeyende. Mvuleni mphete ndi zibangili, mangirirani mwendo kapena mkono kukamtengo kuti usagwedezeke, ndipo mnyamuleni kupita naye kucipatala. Musateme pabala, musayamwe ululu, musamange cingwe cothina, ndipo musataye nthawi kusaka njokayo. Njoka ikalavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri.

Nyama: Yendani mondondozana, mwakacetecete, ndipo mverani msilikali wa zanyama. Musalowe pakati pa njovu ndi mwana wake, kapena pakati pa mvuu ndi madzi.

Mukasocera

Imani pomwepo, khalani pansi ndi kukumbukira malo omaliza amene munawazindikira. Musayende usiku kapena m'nkhungu, cifukwa ndi pamene anthu amagwera m'maphompho. Gulu lisagawikane pofunafuna njira. Pezani malo obisalira mphepo kusanade.

Cizindikiro copempha thandizo cimene okwera mapiri m'maiko ambiri amacidziwa ndi kuliza wezulo kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, ndi kubwerezanso. Usiku citani cimodzimodzi ndi toci. Omva amayankha poliza katatu. Masana utsi umaonekera patali, koma yambani mwalambula malo osonkhapo moto kuti chire lisapse. Yalaninso citenge cowala pamwala kuti cionekere patali.

Opita kukaitana thandizo anyamule pepala lofotokoza malo amene wovulala ali, ola limene anavulala ndi mmene wavulalira.

Udindo wa otsala kunyumba

Ola lopangana likapitirira ndipo lamya sizikuyankhidwa, kaneneni msanga, osadikira kuti kuce. Muno m'Zambia apolisi amapezeka pa nambala 991. Dziwitsaninso ofesi ya zankhalango kapena ya zanyama ndi nyakwawa ya kumene ulendo unayambira, ndipo perekani pepala la ulendo lija. Ofunafuna akadziwa njira ndi malo ogona, amayambira pamalo oyenera m'malo mosakasaka phiri lonse.

Oyenda nawonso, akasintha njira kapena tsiku lobwerera, adziwitse kunyumba pamene apeza netiweki, ndipo akatsika bwino akanenenso ku ofesi kumene analembetsa.