Msika wa pa Victoria Avenue ndi funso loti unamangidwira ndani

Ambiri mwa ife ophunzira ku Blantyre tadutsapo kambirimbiri pa Victoria Avenue osadziwa kuti m'nyumba yakale ya banki yaikulu ya Reserve muli msika. Simumveka phokoso ngati ku Limbe, ndipo palibe wokuitanira kuti "bwerani mudzaone bwana." Katundu wake ndi masheya, kutanthauza timagawo ta umwini wa makampani. Msika umenewu ndi Malawi Stock Exchange, MSE mwachidule. Nkhani yanga ndi yakuti mmene msikawu unabadwira ndi momwemo ukuyendera mpaka lero, ndipo ife achinyamata tikuluza chifukwa chosaidziwa mbiri yake.

Mu nthawi ya Kamuzu Banda panalibe chifukwa chokhalira ndi msika wa masheya. Chuma chachikulu cha dziko chinali m'manja mwa mabungwe ochepa: ADMARC, Malawi Development Corporation ndi Press, imene mwini wake anali Kamuzu yemwe. Mabungwe amenewa anali ndi magawo m'mabanki, m'mafakitale, m'minda ya fodya ndi m'masitolo. Kampani ikafuna ndalama inkapita kubanki kapena ku mabungwe omwewo. Munthu wamba ankasunga ndalama zake kubuku la ku positi, basi.

Zinthu zinayamba kusintha pamene World Bank ndi IMF anaumiriza maiko ambiri a mu Africa kuti boma lichepetse dzanja lake pa malonda. Lamulo lotsegula njira ya msika wotere linakhazikitsidwa mu 1990, Kamuzu akadali pampando. Koma ntchito yeniyeni inachitika ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, pansi pa Bakili Muluzi. Mu 1996 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo funso linali lakuti: tiwagulitsa kwa yani, ndipo kudzera pati? Kugulitsa zonse kwa azungu ndi amwenye olemera kukanakwiyitsa anthu. Panafunika malo oti mphunzitsi wa ku Dowa kapena namwino wa ku Mzuzu athe kugula kagawo kake.

Msikawu unakhazikitsidwa mwamwambo mu March 1995, koma masheya oyamba anagulitsidwa pa 11 November 1996, pamene kampani ya inshuwalansi ya NICO inalowa pamsika. Amalawi pafupifupi 2,300 anagula nawo. Gawo la ndalama zoyambitsira linachokera kunja, ku International Finance Corporation ya World Bank ndi banki ya chitukuko ya ku Netherlands yotchedwa FMO. Poyamba msika wonse unkayendetsedwa ndi kampani imodzi, Stockbrokers Malawi Limited, moyang'aniridwa ndi banki ya Reserve.

Zaka zotsatira zinali za changu. Mu 1997 analowa Blantyre Hotels ndi kampani ya shuga ya SUCOMA, imene lero timaidziwa kuti Illovo. Mu 1998 analowa Press Corporation ndi Commercial Bank of Malawi, yomwe pano ndi Standard Bank. Mu 1999 inabwera Old Mutual, imene nthawi yomweyo inalowanso pamisika ya London ndi Johannesburg. National Bank inalowa mu 2000, Sunbird mu 2002, ndipo TNM mu 2008. Mukaona mndandandawu bwinobwino, mupeza kuti ambiri mwa makampaniwa anali akuluakulu kale, ndipo ochuluka anachokera m'manja mwa boma, ADMARC kapena Press. Msika sunawalere. Unangowalandira atakula kale.

Apa mpamene pagona nkhani. Kumaiko kumene misika yotere inamera yokha, monga ku Amsterdam zaka 400 zapitazo, amalonda ndiwo ankafuna ndalama zoyendetsera ntchito zimene munthu mmodzi sakanakwanitsa. Kwathu kuno msika unayamba ngati khomo lotulutsira katundu wa boma. Katunduyo atatha, khomo linakhala pafupifupi duu. Kuchokera 2008 panadutsa zaka zambiri popanda kampani yatsopano yogulitsa masheya kwa anthu. Mpaka 2019 mpamene ICON Properties inalowa, kenako Airtel Malawi mu February 2020 pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi, ndi FDH Bank mu August chaka chomwecho pa K10. Ngakhale Airtel inabwera mokankhidwa ndi lamulo lofuna kuti gawo la makampani a mafoni likhale m'manja mwa Amalawi. Patatha zaka pafupifupi 30, makampani a pamsikawu sanafikebe 20.

Nanga umayenda bwanji? Simungalowe nokha m'nyumba ija ndi ndalama m'thumba. Mumapita kwa broka, kampani yovomerezeka kugula ndi kugulitsa masheya m'malo mwanu, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Mumapereka chiphaso cha unzika ndi akaunti yanu ya kubanki, n'kunena masheya amene mukufuna ndi mtengo umene mungalipire. Kale mabroka ankakumana m'chipinda chimodzi, dzina la kampani likatchulidwa aliyense n'kunena mtengo wake, ndipo wogula ankalandira satifiketi ya pepala. Kuyambira 2018 malonda amachitika pa kompyuta, ndipo umwini wanu umalembedwa m'kaundula wa pakompyuta amene banki ya Reserve imasunga. Mtengo wa wogula ukakumana ndi wa wogulitsa, malonda atheka. Phindu limabwera pawiri: kampani ikagawa zina mwa zomwe yapindula kwa eni masheya, komanso mtengo wa sheya ukakwera kuposa umene munagulira. Ungathenso kutsika, ndipo palibe amene adzakubwezereni.

Vuto lalikulu la msika wathu ndi lakuti ogulitsa ndi ochepa. Masheya ambiri ali m'manja mwa makampani a penshoni ndi inshuwalansi, Press Trust, ndi eni ake akunja, ndipo amenewa akagula amangosunga. Lamulo la penshoni la 2011 litakakamiza olemba ntchito kudula penshoni, ndalama zambiri zinayamba kusonkhana mwezi ndi mwezi, zikufunafuna koti zipite. Makampani pamsika ndi omwewo, ndalama zikuchuluka, ndiye mitengo imakwera. Onjezani apo mabanki, amene akhala akupindula kwambiri pobwereketsa ndalama ku boma pa chiwongoladzanja chokwera. Choncho tikamva pawailesi kuti msika wachita bwino, tisathamangire kuganiza kuti dziko likulemera. Nthawi zina zimangosonyeza kuti boma likukongola kwambiri.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za anthu a mataye, ife zitikhudza pati? Zitikhudza pawiri. Choyamba, tsiku limene mudzalandire malipiro anu oyamba, gawo lake lidzapita ku penshoni, ndipo zina mwa ndalamazo zidzagula masheya pa Victoria Avenue, mufune musafune. Chachiwiri, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anasunga ndalama pansi pa matiresi kapena mu akaunti wamba anaona mphamvu yake ikusungunuka. Amene anali ndi gawo m'kampani anali ndi kanthu kamene mtengo wake ukanatha kuyenda ndi nthawi. Timadziwa bwino banki m'khonde ndi kubetcha mpira pafoni, koma ochepa mwa ife anaphunzitsidwapo kuwerenga lipoti la pachaka la kampani.

Sindikunena kuti mugulitse laputopu n'kukagula masheya mawa. Ndikunena kuti lonjezo la 1996 linali lakuti chuma chimene chinali cha boma chidzakhala cha anthu, ndipo lonjezolo lakwaniritsidwa mwatheka chabe. Msikawu udzakhala utakula tsiku limene kampani yoyambitsidwa ndi Mmalawi wa msinkhu wathu, yokonza soya ku Mchinji kapena yopanga mapulogalamu a pafoni ku Lilongwe, idzapite kumeneko kukapempha ndalama zokulitsira ntchito, anthu wamba n'kuikhulupirira. Kuti zimenezo zitheke pafunika eni makampani olola kutsegula mabuku awo pagulu, ndiponso ogula odziwa kuwawerenga. Gawo lachiwirili ndi lathu, ndipo tikhoza kuliyamba tisanamalize n'komwe digiri.