Chagada ndi Chafufumimba: Mawu a pa Tebulo la Tenisi ku Mzimba

Mnyamata wina wa Fomu 2 amene timasewera naye tenisi ya patebulo pa Mzimba boma anandikokera pambali n'kundifunsa m'Chitumbuka, motsitsa mawu kuti anzake asamve: "Adada, bati ilibe chitseko, ilibe chivundikiro. Nanga akati nditsegule, nditsegule pati?" Womuphunzitsa anali atamukalipira kangapo kuti atsegule bati, koma mpira uliwonse umene mnyamatayo ankabweza unkathera mu neti. Wophunzitsayo ankanena zoona malinga ndi mmene iye anaphunzirira, pakuti Angerezi amati bati yopenya kumwamba ndi yotsegula, yopenya pansi ndi yotseka. Mawuwo anangowanyamula momwemo n'kuwaveka Chichewa, ndipo m'khutu la mwana sanatanthauze kanthu.

Chonsecho mawu oyenera tili nawo kale, ndipo mwana aliyense wolankhula Chichewa amawadziwa asanayambe sukulu. Munthu amagona chagada kapena chafufumimba. Bati nayo n'chimodzimodzi. Mpira ukabwera wozungulira chobwerera m'mbuyo, uja amati backspin, ukangogunda labala umathawira pansi, choncho uyenera kuulandira bati ili chagada kuti ukwere. Ukabwera wozungulira chamtsogolo, topspin, umalumphira m'mwamba ukakhudza bati, ndipo ukapanda kuuvundikira chafufumimba upitirira tebulo. Uzani mwana kuti "gadamitsa" muone: dzanja limatembenuka lokha mutu usanaganize. Ine muyeso wanga wa liwu labwino la masewera ndi umenewu. Liwu lifike m'dzanja msanga, chifukwa pa tebulo la mamita 2.74 m'litali, kampira kolemera magalamu 2.7 sikadikira kuti munthu ayambe wamasulira.

Liwu lovuta koposa ndi spin. Osewera athu ambiri amati sipini, ndipo ine sindidana nalo, koma limabisa chinthu chimene wophunzira ayenera kuchiona. Amene anakula akukwapula nguli pabwalo amadziwa kuti nguli siizungulira chifukwa choimenya pakati. Chikwapu chimaipsyeda m'mbali. Mpira wa tenisi nawo umazungulira ukaupala pamwamba, pansi kapena pambali, labala n'kuugwira pang'ono. Tikamangouza ana kuti "menya", kapena "timba" monga amanenera kuno, timawaphunzitsa mphamvu yokha, ndipo amakula akuganiza kuti katswiri ndi amene ali ndi dzanja lolemera. Pali kumenya ndipo pali kupala, ndipo masewera onsewa agona pa kusiyana kumeneku. Mpira wopalidwa pamwamba umapinda m'malere n'kugwera msanga pa tebulo, n'chifukwa chake munthu angathe kuutumiza mwaliwiro koma osaphonya. Wopalidwa pansi umayandama, ukagwa umachita ngati ukuzengereza. Kupala kwa pansi kochokera patali ndi tebulo, kumene Angerezi amati chop, ine ndimakutcha kusema, chifukwa dzanja limatsika chopendeka monga momwe kasemasema amatsikira pa mtengo.

Kufunika kwa mawu amenewa kumaonekera pa mpikisano, makamaka kwa ife ongosewera mwachikondi amene tazolowerana ndi anzathu omwewo. Ndinakumanapo ku Mzuzu ndi bambo wina wachikulire wosathamanga n'komwe, amene bati yake mbali imodzi inali ndi labala wa tiziphuphu titalititali. Labala wotere sapanga yekha kuzungulira kwenikweni. Amakubwezera kwako komwe. Ukamutumizira mpira wopala pamwamba, umabwerera kwa iwe uli ngati wosemedwa, ndipo ukaulandira chafufumimba monga mwa chizolowezi, ugwera mu neti. Mnzanga amene ankandilangiza pa kamphindi kopumira anangoti, "Ukapala, wotsatirawo gadamitsa." Mawu atatu, ndipo masewera anasintha. Pa chifukwa chomwechi lamulo limafuna kuti mbali ziwiri za bati zikhale za mitundu yosiyana, ina yakuda, kuti wolandira aone labala amene wakhudza mpira. Ndiponso kuyambira 2002 woyambitsa mpira saloledwa kuubisa ndi mkono kapena thupi. Auponye m'mwamba masentimita osachepera 16 kuchokera pa chikhatho chotambasula, mnzake akuona. Malamulo onsewa akunena za chinthu chimodzi, kuzungulira kwa mpira, chimene ife mpaka lero tikuchitchula ndi liwu limodzi lobwereka.

Musaganize kuti ndikufuna liwu lililonse lachilendo lichotsedwe. Bati ikhale bati, neti ikhale neti, sevisi ndi poyinti zikhale momwemo. Zinthu zimenezi zinabwera ndi mayina ake, monga mmene zinabwerera sukulu, buku ndi tebulo lomwelo. Mabati abwino amene ndawaona kuno ambiri anachokera ku Joni m'zikwama za abale obwera ku tchuthi, ndipo palibe amene adzaitane m'bale wake pa foni n'kumupempha "chomenyera mpira wa patebulo". Mawu otalika chotere amakhala pa pepala basi. Ngakhale dzina la masewerawa, ping-pong, linangotengera kulira kwa kampira. Kampani ya J. Jaques and Son ku England inalilembetsa ngati dzina la malonda mu 1901, ndipo anthu a ku China, akatswiri a masewerawa, analitenga n'kulisandutsa lawo popanda manyazi. Malire anga ndi awa: dzina la chinthu tingabwereke, koma mneni wouza thupi chochita achokere m'chilankhulo chimene munthuyo amalota nacho.

Pali kubwereka kwina kumene kumatisokoneza, ndipo chitsanzo chake ndi gemu. Kwa Mmalawi aliyense gemu ndi masewera athunthu: gemu ya Bullets ndi Wanderers imayamba n'kutha, wopambana n'kudziwika. M'tenisi ya patebulo game ndi chigawo chabe. Kuyambira 2001 chimatha pa mapoyinti 11 m'malo mwa 21 akale, osewera amasinthana sevisi pakatha mapoyinti awiri alionse, ndipo akafanana 10-10 amasinthana poyinti iliyonse mpaka wina atsogole ndi ziwiri. Kuti upambane uyenera kutenga zigawo zitatu mwa zisanu, kapena zinayi mwa zisanu ndi ziwiri. Mwana wobwera koyamba ku mpikisano akamva kuti wawina gemu, mtima umakhala pansi nthawi isanakwane. Apa liwu lobwerekalo linakhazikika kale ndi tanthauzo lina, ndiye silingatithandize. Ndime ikanakhoza, koma owulutsa mpira anaitenga kale: ndime ya chipulula, ndime yotsiriza. Ine ndimati chigawo, poti ngakhale wokonda mpira wamiyendo amadziwa kuti chigawo choyamba chikatha nkhondo ikadalipo.

Ndatchula owulutsa mpira mwadala. Mawu a masewera amene anamera mizu m'Chichewa, monga chigoli, chipulula, ntchemberembaye ndi woyimbira, anafala kudzera pa wailesi ndi m'mabwalo, m'kamwa mwa anthu otengeka ndi zimene akuona. Woyimbira ndi liwu lokoma chifukwa likuonetsa wezulo ili pakamwa. Koma pa tebulo lathu mulibe wezulo. Munthu amakhala pa mpando pambali pa neti, amawerenga mapoyinti n'kukweza dzanja. Ameneyo ndi woweruza. Tenisi ya patebulo sinapezebe owulutsa ake, n'chifukwa chake mawu ake akadali osapsa.

Tsono funso limene wowerenga wa ku Mzimba wandisungira ndi lakuti: bwanji Chichewa? Pa tebulo la ku Jenda, ku Embangweni kapena ku Edingeni, ana akakangana za mpira wokhudza neti pa sevisi sanena let, sanenanso bwereza, amati werezga. Mpira kwa iwo ndi bola. Boma lino likudziwa bwino za chilankhulo chotayika, pakuti Chingoni chinatsalira kwenikweni m'mayina a malo, m'nyimbo za ingoma ndi pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora. Likudziwanso za chilankhulo choletsedwa. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa 1968 unakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka, chimene sukulu za mishoni ya Livingstonia zinkaphunzitsira, chinachotsedwa m'kalasi ndi pa wailesi. Chinabwerera pa MBC mu 1994. Ndikalemba kuti chagada ndi liwu labwino, sindikunena kuti mwana wa ku Luwerezi akakamizidwe kuliloweza. Kutero kungakhale kumuchotsera "tsegula" n'kumupatsa mlendo wina. Ndikunena kuti wophunzitsa afufuze m'Chitumbuka liwu limene mayi amanena pogoneka khanda, n'kulibweretsa pa tebulo.

Ndondomeko zathu za chilankhulo zakhala zikuyang'ana kumwamba. Chichewa Board ya 1972 inkaweruza mawu olondola ndi olakwika. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ntchito yofunika kwambiri. Chaka chomwecho unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi pa mpando, kuyambira Sitandade 1. Ochirikiza lamuloli amati mwana akazolowera Chingerezi msanga adzapikisana ndi dziko lonse. Pa tebulo ine ndimaona zosiyana. Mwana amaloweza liwu loti backspin mosavuta, amalitchula bwinobwino, koma dzanja lake silidziwa kanthu. Amene wamva m'chilankhulo chake chifukwa chimene mpira ukugwera pansi, dzina la Chingerezi amaliphunzira tsiku limodzi. Ngati zili choncho pa kampira ka mamilimita 40 kamene mwana akukaona ndi maso, kuli bwanji pa masamu ndi sayansi?

Mawu a woweruza pa mpikisano akhale a Chingerezi, pamenepo sinditsutsa. Wosewera wathu akadzafika kumene anafika Quadri Aruna wa ku Nigeria, Mwafirika woyamba kulowa ndime ya anthu asanu ndi atatu pa Olympics, ku Rio mu 2016, adzafunika kumva love all ndi let osadodoma. Zizindikiro za manja nazo n'za dziko lonse, ndipo ana a sukulu ya osamva ya ku Embangweni angazitsatire mofanana ndi wina aliyense. Koma chilankhulo chophunzitsira ndi nkhani ina. Bungwe la Table Tennis Association of Malawi likamasula aphunzitsi, liwafunse mawu amene ana awo amanena pa tebulo, a Chitumbuka, a Chichewa, a Chiyao, liwalembe pa tsamba limodzi pamodzi ndi malamulo. Mzimba Community Radio itaulutsako mpikisano wa sukulu m'Chitumbuka, wowulutsayo angakakamizike kupeza pompo liwu la mpira wopalidwa pambali umene ukukhota, ndipo ana angalitole mawa lake.