Nyumba ya Mandala ndi Mitu Yomwe Idasenza Malonda Ake

Mumzinda wa Blantyre, pakati pa nyumba zamakono, pali nyumba yosanja ya khonde lalikulu yomwe idamangidwa m'chaka cha 1882 ndi njerwa zouma ndi dzuwa. Iyi ndi Nyumba ya Mandala, likulu lakale la kampani ya African Lakes, yomwe idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi John Moir ndi mbale wake Frederick.

Dzinali lidachokera kwa makolo athu. Iwo ataona magalasi a m'maso a John akunyezimira, adamutcha Mandala. Dzinalo lidafalikira ku nyumbayo, ku dera lonselo, mpaka ku masitolo a kampaniyo m'maboma ambiri. Kumeneko anthu ankagula nsalu, mikanda ndi mchere, pomwe kampani inkagula minyanga ya njovu.

Koma katunduyo sankafika yekha. Chifukwa cha mathithi a mtsinje wa Shire, sitima zinkaima kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kuchokera kumeneko amtengatenga ankasenza mitolo pamutu, kukwera mapiri kufika ku Mandala, n'kutsetserekanso mpaka ku Matope, komwe ulendo wa pamadzi unkayambiranso. Mabuku adasunga mayina a eni kampani. Ambiri mwa osenzawo adaiwalika.

Lero m'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi. Mukadzapitako, mudzaime pakhondepo ndi kukumbukira osenzawo. Nyumba zotere zikagumulidwa, umboni wa thukuta lawo umapita nazo limodzi.