Luigi, mng'ono wodikira

Kwathu ine ndinali Luigi. Achimwene ankagwira padi yoyamba, ine yachiwiri, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kupemphera chamumtima kuti Mario agwere m'dzenje. Ndinkayesa kuti achimwene ndiwo anaika lamulo limeneli. Ndazindikira nditakula kuti kudikira kwangako kuli ndi mbiri yake, yoyambira ku Kyoto ine ndisanabadwe.

Gemu ya Super Mario Bros. inatuluka ku Japan pa 13 Sepitembala 1985, yopangidwa ndi a Shigeru Miyamoto ndi a Takashi Tezuka a kampani ya Nintendo, nyimbo zake zopeka a Koji Kondo. Magawo onse 32, zithunzi ndi nyimbo zomwe, anazipanikiza m'katiriji ya makilobaiti 40 okha. Malo anali ochepa moti mitambo ndi zitsamba ndi chithunzi chimodzi, chongosinthidwa mtundu. Luigi nayenso ndi chimodzimodzi: ndi Mario yemwe uja, atangovala zoyera ndi zobiriwira.

Chodabwitsa n'chakuti abale awiriwa anayamba akusewera limodzi. M'gemu ya Mario Bros. ya 1983 onse ankaoneka nthawi imodzi, kuthandizana kapena kukankhana, chifukwa zonse zinkachitikira pamalo amodzi osasuntha. Mu 1985 dziko la Mario linayamba kuyenda. Chithunzi chinkatsatira wosewera akamalowera kumanja, osabwereranso m'mbuyo. Nanga chitsatire ndani, awiri akathamanga mosiyana liwiro? M'gemuyi munangokhala kulandizana: wachiwiri asewere woyamba akafa. Ngati mkulu wako ndi katswiri, ukhoza kusenda mtedza mbale yonse usanadinde batani.

Makina enieni a ku Japan, a Famicom, ankasonyezeratu wamkulu ndani. Padi yachiwiri inalibe mabatani a Start ndi Select. M'malo mwake anaikamo kamaikolofoni. Mng'ono sakanatha kuyambitsa gemu kapena kuiimitsa, koma kukuwa kokha ankatha. Sindidziwa chithunzi china cholongosola bwino banja kuposa chimenechi.

Mu 1986 Luigi anapatsidwa khalidwe lakelake m'gemu yotsatira ya ku Japan: ankalumpha kwambiri kuposa Mario, koma ankaterereka poima. M'gemu yomweyo kusewera awiri kunachotsedwa. Anapeza umunthu, nataya mnzake.

Makampani ena anayesa njira zawo. Contra ya Konami, itafika pa makina a m'nyumba mu 1988, inalola awiri nthawi imodzi, koma pagawo lokwera mathithi wofulumira ankakokera chithunzi m'mwamba, wotsalira n'kufa. Wotha miyoyo ankathanso kutenga ya mnzake, ndipo ndewu zambiri za pamkeka zinayambira pamenepo. A Sega, mu Sonic the Hedgehog 2 ya 1992, anapatsa wachiwiri nkhandwe ya michira iwiri, Tails, yosatha miyoyo: ikatsalira imabwera ikuuluka. Ena amati kumeneko n'kukoma mtima. Ine ndimaona ngati kupatsa mwana khasu lamtengo kuti asalire. Mario ndi Luigi anadzathamangira limodzi mu 2009, mu New Super Mario Bros. Wii, imene inalola anthu anayi nthawi imodzi, patapita zaka 24.

Kuno ambiri gemuyi tinaidziwira pa makina otengera, ochokera ku Taiwan ndi China, ndi makatiriji achikasu olonjeza magemu zikwizikwi, pamene anali ochepa obwerezabwereza. Lamulo la kudikira linawoloka nyanja lili bwinobwino, ndipo linapeza kwathu mkulu amayamba kale kusamba m'manja pa nsima.

Madzulo ena achimwene anafika gawo la 8-3 osafa, kenako akamba oponya nyundo aja anawapeza. Dzina la Luigi linaoneka pamwamba pa TV. Ndinapukuta thukuta m'manja, n'kulumpha kabowa koyamba, magetsi n'kuzima.