Zimene mchenga wa kugombe umasunga

Ku Pangani, m'mphepete mwa nyanja ya Indian ku Tanzania, ofufuza atakumba pafupi ndi mtsinje anapeza mchenga utayalana pansi pa dothi, m'kati mwake muli mapale ndi mafupa a anthu, akulu ndi ana omwe, osaikidwa mwa mwambo wa maliro. Mu 2020 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo: mudzi umene unali pamalopo unamizidwa ndi tsunami zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Palibe agogo amene ankasimba nkhaniyi, ndipo sinalembedwe paliponse. Kuti munthu aone mchenga n'kunena molimba mtima kuti apa panadutsa funde, pali mawu angapo amene ayenera kuyamba wawadziwa bwino.

Oyamba ndi sediment. Ife timasiyanitsa matope, mchenga ndi nsangalabwi. Akatswiri a za nthaka ndi miyala amaziika zonsezi m'gulu limodzi, la zinthu zimene madzi kapena mphepo zanyamula n'kukazitula pena. Akatero amazigawanso potengera kukula kwa kanjere. Kanjere koposa mamilimita awiri ndi nsangalabwi, kochepera pamenepo ndi mchenga, ndipo kamene chala sichikumvanso kukhakhala ndi matope. Chifukwa chake n'chakuti kukula kwa kanjere kumaulula mphamvu ya madzi amene anakabweretsa. Madzi odikha a m'dambo amangokhazika matope. Ukapeza mchenga wokhakhala pakati pa matope a m'dambo, ndiye kuti tsiku lina panafika madzi aukali.

Kuti aone zimenezi amatenga core: amakhomera chitoliro pansi n'kuchizula chitadzaza, monga wogula chimanga amabaya thumba kuti aone za m'kati. Kenako amachicheka m'litali, n'kuona mizere yosanjikizana, yakale pansi, yatsopano pamwamba. Kachidutswa ka mtengo kapena ka chigoba kopezeka pamzere kamapimidwa ndi njira ya radiocarbon, ndipo zaka zimadziwika. Ngakhale nyanja yathu ya Malawi inabooledwa chotere mu 2005, ndipo matope ake anasonyeza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo madzi anaphwa n'kutsika ndi mamita mazanamazana.

Pamene ambiri timasokoneza ndi pa tsunami ndi storm surge. Zonsezi m'maso mwa wothawa ndi nyanja yolowa kumtunda, koma gwero lake n'losiyana. Tsunami imayambira pansi. Pali malo amene thanthwe lalikulu la pansi pa nyanja limalowa pang'onopang'ono pansi pa linzake, zimene amazitcha subduction. Matanthwewa amakanirirana kwa zaka mazana, kenako n'kutsetsereka kamodzin'kamodzi, pansi pa nyanja n'kutukuka pamodzi ndi madzi onse a pamwamba pake. Ndi zimene zinachitika pa 26 Disembala 2004 kufupi ndi Sumatra, pa chivomezi cha mphamvu 9.1. Pakati pa nyanja yakuya funde lotere limathamanga makilomita 700 pa ola, koma ndi lalifupi moti a m'sitima salimva. Likafika pamadzi osaya limachepetsa liwiro n'kuunjikana. Linapha anthu pafupifupi 230,000, ndipo patatha maola ngati 7 linali litafika ku Somalia. Ku Tanzania linafika madzi a m'nyanja ataphwera, choncho silinawononge kwambiri, ndipo zimenezi zinachititsa ambiri kuganiza kuti gombe la kum'mawa kwa Africa lilibe vuto. Mchenga wa ku Pangani ndiwo unatsutsa maganizo amenewa.

Storm surge imayambira kumwamba. Mphepo ya namondwe imakankhira madzi kugombe, nyanja n'kukwera kuposa malire ake a masiku onse, makamaka ikakumana ndi nthawi imene madzi amakhala atadzaza kale. Mzinda wa Beira, umene namondwe Idai anaugwera usiku wa pa 14 Malichi 2019, umakhala ndi mantha amenewa chaka ndi chaka chifukwa uli pachidikha ndipo nyanja ya patsogolo pake ndi yosaya. Ife a kumtunda tisaone ngati za kutali: ena mwa mafuta a galimoto zathu amatsikira padoko la mzindawu.

Kusiyanitsa ziwirizi mumchenga wakale ndi ntchito yovuta, ndipo akatswiri amatsutsana zedi. Kawirikawiri mchenga wa tsunami umakhala wopyapyala koma wopita kutali kumtunda, njere zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, ndi zibuma za matope zimene funde linazula podutsa. Wa namondwe umakonda kukhala wochindikala, wa timizere tambiri, ndipo suchoka patali ndi gombe. Amaunikanso tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja tosaoneka bwino ndi maso, kuti adziwe kumene mchengawo unachokera.

Mawu amene ine ndimawaopa kwambiri ndi return period, amene m'nkhani timawamva akuti "madzi otere amabwera kamodzi pa zaka 100." Munthu akamva choncho amapuma, n'kumati popeza zachitika chaka chino, zidzaonekanso kwa zidzukulu. Tanthauzo lake si limenelo. Akutanthauza kuti chaka chilichonse pali mpata umodzi pa 100 woti zichitike, ngakhale chaka chotsatira chenichenicho. Amene wamanga nyumba pamalo otere n'kukhalapo zaka 30, mpata woti madziwo amupeza umaposa umodzi pa inayi. Vuto linanso n'lakuti zolembedwa zathu n'zazifupi: zipangizo zoyezera zivomezi zangokhalapo zaka zoposa 100 pang'ono, pamene matanthwe amatha kudikira zaka 1,000. Ku Japan, Koji Minoura ndi anzake anapeza pachigwa cha Sendai mchenga wa tsunami ya m'chaka cha 869 uli kutali ndi gombe, ndi mizere ina yakale pansi pake. Mu 2001 anachenjeza kuti nthawi ya funde lina lalikulu inali itakwana. Pa 11 Malichi 2011 nyanja inalowa m'chigwa chomwecho, ndipo anthu oposa 18,000 anafa kapena kusowa m'chigawo chonsecho. Zimandipweteka kuti umboni unalipo, koma unali usanafike mokwanira kwa okonza mapu a ngozi ndi omanga zipupa zotchinga nyanja.

N'chifukwa chake m'ntchitoyi salola kusakaniza hazard ndi risk. Hazard ndi chinthu chenichenicho, funde kapena chivomezi, kukula kwake ndi kubwerezabwereza kwake. Risk ndi chiopsezo kwa anthu: ndani ali panjira yake, nyumba zawo n'zolimba bwanji, akudziwa kothawira kapena ayi. Funde lofanana likhoza kusesa mudzi uwu n'kusiya anthu a mudzi uwo amoyo. Pachilumba cha Simeulue, pafupi kwambiri ndi pamene chivomezi cha 2004 chinayambira, anthu anali ndi dzina lawolawo la tsunami, loti smong, lochokera pa tsoka limene linawagwera mu 1907. Makolo ankauza ana kuti nthaka ikagwedezeka mwamphamvu, nyanja n'kubwerera m'mbuyo, asakatole nsomba zotsala pamchenga koma athamangire kumapiri. Tsiku la chivomezi cha 2004 lija nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja zinapita ndi madzi, koma mwa anthu oposa 70,000 a pachilumbapo, amene anafa sanakwane khumi.